Zolongedza m'sutikesi ponyamuka pa Chileka

Amayi, mwati mukupita kwa mwana wanu ku London, ndi koyamba kukwera ndege, ndipo mukufuna kudziwa ngati usipa, ufa, mankhwala ndi power bank zingalowe m'sutikesi yaikulu imene amapima n'kuitenga pa Chileka paja.

Ndiyambe ndi power bank, poti ndi imene imatsegulitsa anthu masutikesi pagulu. Power bank ndi mabatire apadera a foni kapena kamera saloledwa m'katundu wopita kunsi kwa ndege. Muike m'kachikwama ka m'manja. Mabatire a lithium akatentha kapena akaphwanyika amatha kuyaka okha, ndiye kunsi kuja kulibe munthu woti aone utsi, pamene m'mwamba ogwira ntchito m'ndege amazimitsa msanga. Tembenuzani power bank yanuyo muwerenge: ikakhala yosapitirira 100Wh palibe vuto, ndipo za 10,000mAh ndi 20,000mAh zimakwanira bwinobwino. Machesi ndi laita nazonso zisalowe m'sutikesi. Palafini, petulo, gasi, Doom ndi Jik zisiyeni kunyumba. Mpeni ndi sizasi yaikulu ndiye zosiyana, malo ake ndi m'sutikesi yaikuluyo, m'manja akulandani.

Za kulemera, yang'anani pa tikiti yanu. Pakalembedwa 2PC ndiye kuti masutikesi awiri, ndipo kawirikawiri iliyonse ndi 23kg. Musaphatikize kuti 46kg n'kudzaza imodzi 30 inayo 16, yolemerayo akulipitsani. Komanso sutikesi imodzi singapitirire 32kg ngakhale mutalipira, chifukwa oinyamula ndi anthu. Pimani kunyumba usiku wake, ngakhale pa sikelo ya ogula mbewu. Zimamvetsa chisoni kuona mayi wamkulu atagwada pansi pa Chileka akutulutsa zitenje ndi mapaketi a ufa, abale operekeza akutolera.

Tsopano zakudya. Apa lamulo lalikulu ndi la dziko limene mukupita. Ku UK salola nyama ndi zamkaka zochokera kuno, kaya nyama yowamba, kaya mbewa, kaya chambiko. Nsomba zouma amalola mpaka 20kg pa munthu, choncho usipa, utaka ndi chambo chowamba tengani ndithu. Uchi musapitirire 2kg. Ufa, mpunga wa Kilombero ndi chiponde zimadutsa. Tomato, mbatata, ndiwo zamasamba zaziwisi ndi mbewu zobzala zimafuna chikalata cha azaulimi, bola kungozisiya.

Usipawo ugulidwe wouma kwambiri, wa gwa, osati wofewa uja. Muumange m'majumbo awiri kapena atatu, kenako m'kontena yotseka bwino, apo ayi zovala zonse zikafika zikununkha ngati kunsomba mumsika wa Limbe. Sobo, Nali ndi mafuta odzola a botolo lalikulu zilowe m'sutikesi, chifukwa m'manja salola zamadzimadzi zoposa 100ml. Matani chivundikiro ndi selotepi, kulungani botolo m'chitenje, liikeni pakati pa zovala. Masutikesi amaponyedwa kwambiri posintha ndege.

Mankhwala anu a BP kapena a shuga, amayi, chonde asapite kunsi. Sutikesi imatha kutsalira ku Addis Ababa kapena ku Johannesburg n'kudzakupezani patapita masiku, inu mulibe chomwa. Akhale m'manja, m'mapaketi ake enieni, pamodzi ndi kalata ya dokotala. Chimodzimodzi pasipoti, ndalama, foni, magalasi ndi zovala zosinthira kamodzi.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi ichi. Anthu akamva kuti mukupita kunja, ayamba kubwera ndi timaphukusi, "mukandipatsireko mwana wanga." Kukana n'kovuta, makamaka akakhala a mpingo umodzi kapena achibale. Koma pa kauntala akakufunsani ngati mwalongedza nokha, ndipo chilichonse chopezeka m'sutikesi ya dzina lanu ndi chanu pamaso pa lamulo. Mukapezeka chamba m'paketi ya tiyi, womangidwa ndi inu, ndipo mawu oti "anangondipatsira" sakupulumutsani. Phukusi lililonse litsegulidwe mwini wake ali pomwepo, muone ndi maso anu, mulimange nokha. Wokana kutsegula abwerere nalo. Munthu wosamudziwa akakupemphani pabwalo pompo kuti mumunyamulireko kanthu, kanani basi.

Mukapimitsa, akupatsani kapepala komata kokhala ndi nambala ya sutikesi. Onani kuti palembedwa London kapena chidule cha bwalo lake monga LHR, kasungeni m'pasipoti. Jambulani sutikesiyo pa foni, mumangirire kansalu kowala pachogwirira, ndipo muike pepala la dzina lanu ndi nambala ya mwana wanu mkati mwake. Ikapanda kutuluka ku London, musachoke pabwalo musanalembetse ku ofesi ya katundu wosowa, nambala ya sutikesi ija ndi imene akaifune.