Kodi Mwana wa mu Lilongwe Angalembe za Ulendo wa Kwawo Komwe?

Funso: Akonzi, ine ndinabadwira ku Kawale ndipo ndakulira konko. Ndayamba kulemba nkhani za maulendo anga a mu Lilongwe momwemuno, koma anzanga akundinena kuti ulendo woyenera kulembedwa ndi wa kunyanja kapena wa kuphiri la Mulanje. Kodi ndisiye?
Wowerenga wa ku Kawale

Yankho: Musasiye ayi. Alendo obwera ndi ndege amalemba za Capital Hill, Nyumba ya Malamulo ndi chiliza cha Kamuzu, chifukwa ndi zokhazo zimene amaonetsedwa, koma inu muli ndi chimene iwo alibe: mapazi anu akuudziwa mzindawu kuyambira ubwana.

Vuto lanu lalikulu likhala chizolowezi, popeza diso limaleka kuona chinthu chimene limakumana nacho tsiku ndi tsiku. Tsikani minibasi, muyende wapansi. Pitani pa timilatho ta mitengo toolokera mtsinje wa Lilongwe ku msika wa Tsoka, muimepo kanthawi ndithu. Mverani momwe matabwa amalirira mayi akamaoloka atasenza dengu la tomato, mwana ali kumbuyo, ndipo muonetsetse dzanja la mnyamata wolandira ndalama ya pamlatho, amene satembenuka n'komwe koma palibe amamuzemba. Mufunseni zimene amachita mtsinje ukadzaza m'dzinja n'kukokolola mlatho wake. Yankho lake lokhalo likhoza kudzaza tsamba lonse, ndipo kunena zoona, ine ndingakonde kuwerenga tsamba limenelo kuposa masamba khumi otamanda kulowa kwa dzuwa kunyanja.

Palinso nkhani ya manambala a madera. Lilongwe anakhala likulu la dziko mu 1975, boma litasamuka ku Zomba, ndipo manambalawo sanatsate kuyandikana kwa malo, n'chifukwa chake Area 18 ili pafupi ndi Area 47 pomwe Area 23 ili kutali, mbali ina ya mzinda. Mlendo amasokonezeka nazo, koma wakabaza sasochera. Kwerani kabaza wake, mulembe mayina amene iye amatchulira malo.

Chimodzi chokha ndikupempheni. Mukakafika ku Mtandire kapena ku Mgona, musakalembe za anthu ngati zinthu zoonerera. Perekani moni, mufotokoze chimene mwadzera, ndipo amene sakufuna kutchulidwa dzina musamutchule. Mukamaliza nkhani ya pamlathoyo, titumizireni tidzaione.