Achimwene a ku Luchenza, ndalamayo musatumize kaye

Achimwene, ndauona mndandanda wanu uja wa zida za kompyuta ya magemu: purosesa ya Core i7-3770, RAM imodzi ya 8GB, graphics card (khadi yotulutsa zithunzi) ya RX 580 yotchipa yoitanitsa ku China, hard disk ya 1TB, ndi kesi yagalasi yowala ngati utawaleza yomwe akuti PSU yake ndi ya banyira. Mwati cholinga ndi kusewera gemu ya mpira ya FC ndi GTA V, ndipo mukufunsa ngati mutumize ndalama mawa. Dikirani pang'ono. Ine ndimakonza mafoni ndi makompyuta kuno kwa Chitakale, ndipo pa zinthu zisanu mwatchulazo, chomwe chandiopsa kwambiri ndi cha banyiracho.

PSU ndi bokosi lomwe limalandira magetsi a 230V kuchokera pakhoma n'kuwagawira zida zonse m'katimo. Anzathu a kunja akamalemba malangizo amaitchula pomaliza chifukwa kwawo magetsi sachita zomwe amachita kuno. Inu mukudziwa mmene zimakhalira ku Thyolo ndi ku Mulanje mvula ikayamba: chiphaliwali kuphiri, magetsi phethi, kenako n'kubwera mwamphamvu babu n'kuwala mopitirira. Kompyuta yanga yoyamba inafa choncho. Ndinagula kesi yokhala ndi PSU yolembedwa 600W, koma kuinyamula m'manja inali yopepuka ngati paketi ya masamba a tiyi. Tsiku lina madzulo magetsi atabwera ndinangomva "thwa", kenako kafungo ka pulasitiki wopsa. Inapita ndi motherboard yomwe, bolodi lalikulu lomwe zida zonse zimalumikizidwapo. Ndinatsala ndi kesi yokha, yokongola ndithu, ili phee pansi pa tebulo miyezi isanu.

Choncho gulani PSU payokha, ya dzina lodziwika monga Corsair, Seasonic kapena Cooler Master, ya 550W kapena 650W, yokhala ndi chizindikiro cha 80 Plus Bronze. Chizindikirocho chimangonena kuti siitaya magetsi ambiri, sichilonjeza kuti ndi yolimba, komabe zachinyengo zambiri sizifika n'komwe pamenepo. Muinyamule musanalipire. Yabwino imalemera. Muonenso kuti ili ndi chingwe cha mapini 8 cholowa pa graphics card, osati zoti mudzalumikize ndi ma adaputa. Ndipo pa bajeti yanu muikepo UPS, bokosi la batire losunga magetsi, kuyambira lero, osati "ndidzagula ndikadzapeza". Apa ambiri amapusitsika ndi manambala: UPS yolembedwa 650VA siipereka 650W ayi, kawirikawiri imathera cha m'ma 360W mpaka 390W. Kompyuta ya magemu ndi sikirini yake zimafuna ya 1000VA kupita m'mwamba. Ntchito yake si yoti mumalize mpira wanu magetsi atathima, koma kukupatsani mphindi zochepa zoti muzimitse bwinobwino. Kukamachita ziphaliwali, zulani pulagi pakhoma. Palibe UPS yomwe imalimbana ndi mphenzi.

Tsopano i7 ija. Dzina lakuti i7 limakoma m'khutu, ndipo ogulitsa amadziwa zimenezo. Koma nambala yotsatira ndi imene imanena zaka: 3770 ndi ya m'badwo wachitatu, inatuluka mu 2012, imayendera RAM ya DDR3 ndi motherboard ya soketi (pokhala purosesa) ya LGA1155 yomwe simungaipezenso yatsopano. Windows 11 imafuna Intel ya m'badwo wa 8 kupita m'tsogolo, pomwe Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 Okutobala 2025. Mukhala mwagula nkhalamba pa mtengo wa mnyamata.

Ine ndikanakhala inu ndikanatenga Ryzen 5 5600 ya AMD. Ili ndi ma core 6, imadya 65W basi, ndipo ya m'bokosi imabwera ndi fani yake. Imakhala pa motherboard ya soketi ya AM4, kaya B450 kaya B550. Mukasankha B450 funsani wogulitsa ngati BIOS yake, pulogalamu ya m'kati mwa motherboard, inakonzedwa kale kuti ilandire Ryzen 5000, chifukwa ina yakale imangoyatsa mafani sikirini ili bii. Ku mbali ya Intel, mnzake ndi Core i5-12400F pa LGA1700, koma musamale poti ma motherboard ake ena ndi a DDR4, ena a DDR5, ndipo RAM ya mtundu wina siilowa pa inzake. Wina mu gulu lino wakuuzani kuti AM4 yatha, pitani pa AM5. Sananame kuti AM5 ndi yatsopano, koma imalandira DDR5 yokha, ndipo ndalama yoonjezerayo ikanakuthandizani kwambiri pa graphics card.

Pali njira inanso ngati thumba laperewera. Ryzen 5 5600G, ya G kumapetoko, ili ndi graphics yake m'kati. Mutha kumanga kompyuta yonse popanda khadi, n'kumasewera eFootball ndi GTA V mutatsitsa ma setting, khadi n'kudzagula pambuyo pokolola. Koma 5600 yopanda G ndi Intel iliyonse yothera ndi F sizionetsa chithunzi popanda khadi. Izi muzisunge pamtima.

Graphics card ndi imene imasenza magemu, ndiye gawo lalikulu la ndalama lipite kumeneko. RX 580 inali khadi yabwino pa nthawi yake, inatuluka mu 2017. Vuto ndi lakuti ambiri mwa makhadi amenewa anagwira ukapolo wokumba ndalama za pa intaneti usana ndi usiku, ndipo imodzi mwa ndalamazo, Ethereum, itasiya kukumbidwa ndi makhadi mu Seputembala 2022, anathiridwa pa msika, ena atangowapukuta n'kuwaveka mafani atsopano. Komanso zambiri zotchipazo ndi RX 580 2048SP, yomwe mphamvu yake ndi ya RX 570, pomwe RX 580 yeniyeni ili ndi ma shader (tizida tojambula zithunzi) 2304, osati 2048. Kuonjezera apo imadya cha m'ma 185W. Yerekezani ndi RX 6600 ya 8GB: imathamanga kuposa pamenepo koma imadya 132W yokha. Kwa ife ogula mayunitsi ndi odalira UPS, kusiyana kumeneko n'kwakukulu. RTX 3060 ya 12GB nayo ndi yabwino mukaipeza pa mtengo wachifundo. Pa sikirini ya 1080p ziwirizi zikukwanirani.

Sindikuti kaunjika ndi woipa. Theka la zomwe zili m'kompyuta yanga ndi zogwiritsidwapo kale ntchito. Koma khadi ya kaunjika igulidwe maso akuona. Kwerani minibasi mupite ku Limbe kapena ku Blantyre, wogulitsa aiike m'kompyuta, atsegule pulogalamu ya GPU-Z muone dzina lake lenileni, kenako ayendetse pulogalamu yoyesera khadi ya FurMark kapena gemu kwa mphindi 20. Muyang'ane ngati pa sikirini pakutuluka timadontho kapena mizere, mumvetsere mafani ngati akukhulana. Akayamba zoti "magetsi athima, ingotumizani pa Airtel Money tikupatsirani kondakitala", bwererani ndi ndalama yanu.

RAM tengani ziwiri za 8GB, DDR4 3200, osati imodzi ya 16GB. Ziwiri zimayenda mothandizana, makamaka pa 5600G. Pa motherboard ya mipata inayi zimalowa wachiwiri ndi wachinayi kuwerenga kuchokera pa purosesa, ndipo mukatsegule XMP, setting yopatsa RAM liwiro lake lonse, mu BIOS, apo ayi ziziyenda pang'onopang'ono. Hard disk ija isiyeni, tengani SSD ya NVMe ya 1TB, chosungira mafayilo chothamanga kuposa hard disk. FC yokha imapempha malo okwana 100GB, GTA V nayonso chimodzimodzi. Zomwe zikundikumbutsa: bandulo yotsitsira magemu amenewa muiwerengere pa bajeti, chifukwa ambiri amadzidzimuka kompyuta itatha kale.

Kesi ndiye musavutike nayo mtima. Ikhale ndi kutsogolo kwa timabowo kolowa mpweya ndi kasefa kochotseka. Fumbi la mu Okutobala limatseka mafani, chinyezi cha chiperoni mu Juni ndi Julayi chimadyetsa dzimbiri pa madoko a USB. Musaiike pansi pa simenti kapena kuigunditsa khoma lonyowa, ikhale pa tebulo kapena pa thabwa. Timagetsi ta utawaleza sitionjezera liwiro ngakhale pang'ono.

Mitengo sindilemba pano. Chitsikireni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wa lero sukhala wa sabata yamawa. Mukaitanitsa kunja muonjezerepo ndalama yonyamulira ndi msonkho wa MRA, ndipo mudzifunse kuti chikafika chakufa mudzachibweza bwanji. N'chifukwa chake PSU ndi motherboard ine ndimagula konkuno, kwa munthu woti ndikhoza kumubwerera ndi lisiti.

Pomanga, purosesa ya AM4 ili ndi timapini pansi pake tomwe timapindika msanga. Yang'anani kachizindikiro ka makona atatu pa ngodya, mukalinganize ndi ka pa soketi, ingoikani igwere yokha osakanikiza. Ndipo mukakhala ndi khadi, chingwe cha HDMI chilowe pa graphics card m'munsimo, osati pa motherboard. Mwezi watha mnyamata wina anachoka ku Limbuli atasenza kompyuta yonse kuti yafa, vuto linali lomweli.

Lembaninso mndandanda watsopano muuike pompano tiuone musanalipire. Zida zikakwana ndipo mukuopa kumanga nokha, bwerani nazo Loweruka m'mawa tidzamangire limodzi. Mu minibasi khadi ndi motherboard muzifungatire pamiyendo, musalole kondakitala aziponye kumbuyo pamodzi ndi matumba a nanazi.