Ndege yogwa mwadala ndi botolo loboola

Mphunzitsi wina wa fizikisi ku sekondale ina ya ku Matero wanditumizira imelo. Ana ake anaonera pa foni anthu akuyandama m'ndege, ndiye akufunsa ngati zoyeserera za m'kalasi zingachitikire mmenemo, komanso mmene ndegeyo "imazimitsira" mphamvu yokoka ya dziko.

Aphunzitsi, mawu oti kuzimitsawo ndi amene andiutsa. Mphamvu imeneyi sizima. Ndege ya Airbus A310 ya kampani ya Novespace, imene imanyamukira ku Bordeaux ku France, imafika mamita pafupifupi 8,500 okha, ndipo pamenepo dziko likukokabe pafupifupi monga likokera pa Cairo Road. Chimene oyendetsa amachita n'kuigwetsa mwadala. Amaloza mphuno kumwamba kwa masekondi 20, aliyense n'kulemera ka 1.8 kuposa masiku onse. Kenako amachepetsa mphamvu ya mainjini, ndege n'kuyenda ngati mwala woponyedwa. Munthu, mpando ndi pansi zimagwera limodzi, choncho palibe chikutsamira chinzake. Masekondi 22 basi, kulemera kuja n'kubwereranso. Pa ulendo umodzi amabwereza ka 31.

Nkhaniyi kuno ku Zambia si yachilendo. Mu 1964 Edward Mukuka Nkoloso, mphunzitsi uja wofuna kutumiza anthu ku mwezi, ankagubuduza ophunzira ake mumgolo wa mafuta pachitunda, ati azolowere za mumlengalenga. Anthu amamuseka mpaka lero, koma funso lake linali lolondola, chida ndicho chinalakwika. Mgolo umangopatsa chizungulire. Katungwe amene ankawakwezanso ndiye anayandikirako, poti pamwamba penipeni thupi limapepuka ndithu.

Tibwerere m'ndege. Pendulamu (kachitsulo kolendewera pa chingwe) ya chingwe cha masentimita 25 imapita n'kubwera pa sekondi imodzi m'kalasi mwanu. Pa nthawi yolemera ija imafulumira, nthawiyo imatsika kufika masekondi 0.75. Kugwa kukangoyamba, kulendewera kumatha: ngati inali pothera imangoima pomwepo, ngati inali pa liwiro imazungulira msomali wake. Koma chitsulo chomangidwa pakati pa masipuling'i awiri chimavinabe pa liwiro lake lomwe lija, chifukwa sipuling'i sadalira kukoka kwa dziko. Kuika ziwirizi pambalimbali, kamera imodzi n'kujambula zonse, ndiye phunziro lenileni. Zoyandamitsa madontho a madzi n'zokongola pa Facebook, koma ine ndimaziona ngati kutaya mwayi wodula.

Zimene zimalakwika

Masekondi 22 sachedwa, ndiye chida chofuna kumangirira kapena kuwerenga ndi maso chalephera kale. Chilichonse chimakhomedwa pansi ndi mabawuti, mpaka cholembera chimamangidwa, chifukwa choyandama chimagwa ndi kulemera kuja. Madzi amakhala m'chotengera chotseka, icho n'kukhalanso m'china. Ndege imanjenjemera pang'ono, motero mpira woti ungoima m'malere umasuntha wokha. Nseru nayo ilipo: amapereka mankhwala a scopolamine, ndipo wotembenuza mutu pa nthawi yolemera ija ndiye amasanza msanga.

Tsono za inu. Malo m'ndege zotere amapita makamaka kwa ofufuza ndi ophunzira a m'mayunivesite kudzera m'mabungwe ngati European Space Agency, ndiye musalonjeze ana ulendo. Tengani botolo lapulasitiki, liboolereni m'mbali chakumunsi ndi msomali, thirani madzi, musatseke. Madzi azithamanga pabowo. Lisiyeni ligwe osaliponya: madzi aleka kutuluka mpaka lifike pansi. Kuchokera pa mamita 1.25 mupeza theka la sekondi, pa mamita 5 sekondi yathunthu. Jambulani ndi foni mochedwetsa kanema. Ngati muli ndi pulogalamu yaulere ya phyphox, yoyeza kayendedwe ka foni, gwetserani foniyo pamatilesi, ana aone mzere wosonyeza kukoka kumene foni ikumva ukutsika kuchoka pa 9.8 kufika pafupi ndi 0. Matilesiwo akhale okhuthala, ndipo foni isakhale yobwereka.