Kwa achemwali a ku Nchalo: a Ronaldo sali mmodzi

Achemwali, mwafunsa kuti wolondola ndani pakati pa amuna anu, amene akuti Ronaldo anatengapo chikho cha mpira wamiyendo cha dziko lonse, ndi mwana wanu, amene akukana kwamtuwagalu kuti zimenezo sizinachitikepo. Onse akunena zoona, koma akukamba za anthu awiri osiyana, ndipo ine zimandipweteka kuona kuti ana a masiku ano akumuiwala woyambayo.

Amene bambo a m'nyumbamo akunena ndi Ronaldo Nazário wa ku Brazil, wobadwa mu 1976. Anali m'gulu limene linatenga chikhocho mu 1994 ali ndi zaka 17, ngakhale kuti sanalowe m'bwalo. Mu 1998 anadwala mwadzidzidzi kutangotsala maola ochepa kuti ndime yomaliza iyambe, anasewerabe ali wofooka, ndipo France inapambana 3-0. Mavuto aakulu anadza ali ku Inter Milan: anavulala bondo mu November 1999, ndipo atabwerera mu April 2000 pokumana ndi Lazio, mtsempha wa bondo lomwelo unaduka patangopita mphindi zochepa. Ambiri tinati zake zada, pakuti wosewera kutsogolo amene amadalira liwiro sangapite patali ndi bondo lochita kusoka. Koma mu 2002 anagoletsa zigoli 8 pa mpikisano wa ku Japan ndi South Korea, ziwiri mwa izo pa ndime yomaliza pamene Brazil inagonjetsa Germany 2-0. Ine ndinaonera masewerowo ku Ngabu, m'kanyumba ka vidiyo kodzaza thothotho, ndipo sabata yotsatira anyamata ena anameta mpala n'kusiya katsitsi patsogolo potengera iyeyo. Zigoli zake 15 za m'mipikisano ya chikhochi palibe anaziposa kufikira Miroslav Klose wa ku Germany mu 2014.

Amene mwana wanu amamudziwa ndi Cristiano Ronaldo wa ku Portugal, wobadwa mu 1985 pa chilumba cha Madeira. Dzina limeneli sanatengere wa ku Brazil uja ayi, amene panthawiyo anali kamwana ka zaka zosakwana khumi. Analitengera Ronald Reagan, amene asanakhale mtsogoleri wa dziko la America ankasewera m'mafilimu, ndipo bambo ake a Cristiano ankamukonda. Anachoka ku Sporting kupita ku Manchester United mu 2003, ku Real Madrid mu 2009, kenako Juventus, ndipo atabwererako pang'ono ku Manchester anapita ku Al Nassr. Mphoto ya Ballon d'Or, imene imaperekedwa kwa wosewera wopambana onse pa chaka, wailandira kasanu, pamene Nazário anailandira kawiri, mu 1997 ndi 2002. Cristiano anatenga chikho cha ku Ulaya mu 2016, koma pa mipikisano isanu ya dziko lonse, kuyambira 2006 mpaka 2022, chikhocho sanachigwireko, choncho mwanayo sakunama.

Chimene chimasokoneza kwambiri n'chakuti onse awiri anasewerera Real Madrid, ndipo Cristiano m'chaka chake choyamba kumeneko anavala nambala 9, yomwe mnzakeyo ankavala, chifukwa 7 inali ya Raúl.

Aliponso wachitatu, Ronaldinho, amene dzina lake lenileni ndi Ronaldo de Assis Moreira. Ife a kuno ku chigwa, amene Chipwitikizi timachimva kwa abale athu olowera pa Marka, sitingavutike kumva kuti "-inho" amatanthauza chinthu chaching'ono, monga ife tinganenere kuti kaRonaldo. Anamutchula choncho ali mwana chifukwa nthawi zambiri ankakhala wamng'ono pa onse m'bwalo, ndipo mu 2002 anasewera limodzi ndi Nazário. Ronaldinho ndi amene anamenya friikiki yomwe inadutsa pamutu pa David Seaman, goloboyi wa England, England n'kutuluka.

Mukandifunsa maganizo anga, pa kukhalitsa m'bwalo ndi kudzisamalira thupi Cristiano alibe mnzake, ndipo mwana wanu sakulakwa kumukonda. Koma mpira uli kuphazi, akuthamanga nawo molunjika kwa otchinga kumbuyo, sindinaonepo wina woopsa ngati Nazário asanavulale, makamaka chaka chimodzi chimene anakhala ku Barcelona, kuyambira 1996 mpaka 1997. Pemphani amuna anu afufuze pa YouTube chigoli chimene anagoletsa pokumana ndi Compostela mu 1996, akhale pansi ndi mwanayo madzulo ano kukazizira, aonere limodzi pa foni.