Galu akuuwa m'nyumba muli khanda

Banja lina lachinyamata langolandira kumene mwana woyamba, wa masabata 3, ndipo landifunsa za galu wawo. Akuti chibwerereni mwana kuchokera kuchipatala, galuyo sakupuma kuuwa. Munthu akagogoda amauwa, mwana akalira amauwa, usiku amauwanso, ndipo mwana akangoti wagona, galu amamudzutsa. Bambo akufuna kumukwapula kapena kumumanga pa unyolo kuseri kwa nyumba, pomwe mayi akuti bola kungomupereka kwa ena.

Adzukulu anga, ndamva. Kusowa tulo kumapsetsa mtima, ndipo sindikukudzudzulani chifukwa chotopa. Koma chikwapucho chiikeni pansi kaye. Akuluakulu anati galu wamkota sakandira pachabe, ndipo ine ndikuwonjezera kuti sauwanso pachabe. Pali chimene akunena, ndipo njira yothetsera kuuwa kwa mantha ndi yosiyana ndi yothetsera kuuwa kwa galu wongosowa chochita.

Tisanafike kumeneko, gwirani lamulo ili lomwe lilibe kukambirana. Galu ndi khanda asatsale awiriwiri, ngakhale kwa kamphindi kokatenga thewera kuchipinda. Kaya galuyo ndi wofatsa chotani, kaya munamulera kuyambira ali kamwana, mukamatuluka nyamulani mwana kapena tulutsani galu, chitseko mutseke. Chipinda chogona mwana chikhale chosalowa galu, usana ndi usiku. Musagoneke mwana pansi pamene galu akuyendayenda momasuka. Mukakhazikitsa zimenezi, zotsalazo mungaziphunzitse mosathamanga, chifukwa mwana ali kale pabwino.

Tsopano tengani pepala, ndipo kwa masiku 3 muzilemba nthawi iliyonse imene galu wauwa: inali nthawi yanji, anali pati, chinachitika n'chiyani asanauwe, ndipo inu munatani atauwa. Funso lomalizali ndi limene limaulula zambiri. Nthawi zambiri mupeza kuti akauwa mumathamangira komweko, mumamukalipira, mwinanso mumamuponyera chakudya kuti atseke pakamwa mwana asadzuke. Kwa galu, zonsezi ndi malipiro. Waphunzira kuti kuuwa kumabweretsa munthu. Kukalipa kwanuko iye amakumva ngati nanunso mwalowa nawo m'kuuwa, ndiye amawonjezera mphamvu.

Ngati pepala lanu likusonyeza kuti amauwa anthu akagogoda kapena akamadutsa pafupi, ameneyo ndi mlonda amene ntchito yamuchulukira, pakuti nyumba yobadwa mwana siitha alendo. Chepetsani zimene akuona ndi kumva. Tsekani katani ya zenera loyang'ana kumsewu, sunthani malo ake ogona achoke pafupi ndi khomo, ndipo uzani odzaona mwana kuti aziimba foni akafika m'malo mogogoda. Kenako muphunzitseni mawu amodzi, monga "Chete", ndipo aliyense m'nyumbamo azinena omwewo. Dulani tizidutswa ta nyama yophika, tosaposa nsonga ya chala chaching'ono, 15 kapena 20. Wina atuluke, agogode mopepuka. Mulekeni galu auwe kawiri kapena katatu, imeneyo ndi ntchito yake. Mufike pamene ali, munene "Chete" kamodzi kokha ndi mawu otsika, n'kufikitsa kachidutswa pamphuno pake. Akayamba kununkhiza kuuwa kumaduka. Werengani masekondi 2 mumtima, mumupatse. Akazolowera, onjezerani afike 5, kenako 10, kenako 20, ndipo kugogodako kuzikwera pang'onopang'ono.

Pano pamalakwika zinthu ziwiri. Choyamba ndi kupereka chakudya galu akadali kuuwa, kapena kuchedwa nacho mpaka wayambanso. Mphotho iyenera kufika m'sekondi imodzi kapena awiri a chinthu chimene mukufuna, apo ayi mwalipira cholakwika. Chachiwiri ndi chakuti agalu ena ochenjera amazindikira kuti akauwa n'kukhala chete amadya, ndiye amayamba kuuwa dala. Kuti mupewe zimenezi, muzimupatsa kwambiri pamene wamva phokoso, wadzutsa makutu, koma osauwa. Phunziro lisapitirire mphindi 5, kawiri kapena katatu pa tsiku, ndipo tizidutswato tisapose gawo limodzi mwa magawo 10 a chakudya chake cha tsikulo, kuti angamanenepe kapena kutsegula m'mimba. Muzichita zimenezi mwana ali maso, kuti musamaphunzitse muli ndi nkhawa yoti adzuka.

Pali kuuwa kwina kopempha. Galu amakuyang'anani m'maso, kuuwa kamodzi kapena kawiri, n'kudikira kuti aone ngati mwamva. Zimachitika kwambiri mayi akamayamwitsa, pakuti manja amene ankamusisita tsopano ali ndi ntchito ina. Kuno mankhwala ake ndi kusayankha: osamuyang'ana, osamulankhula, osamukankha. Akangokhala chete n'kugona pansi, ndiye mumutchule dzina mofatsa n'kumupatsa kanthu. Dziwiranitu kuti masiku oyambirira kuuwako kumakula kusanachepe, chifukwa akuyesa mwamphamvu chimene chinkagwira ntchito kale. Mukagonja pa nthawi imeneyo, mwamuphunzitsa kuti azingouwa motalika. Ngati tsiku limenelo mulibe mphamvu zopirira, ndi bwino kumuika kumalo ake ndi chotafuna musanayambe kuyamwitsa, kuti mpata wouwa usapezeke n'komwe.

Makolo ambiri amalakwitsa chinthu china mosadziwa, ndipo ndikufuna muchimvetse bwino. Mwana akakhala maso amamuthamangitsa galu, "Choka! Tuluka!", ndipo mwana akagona m'pamene amamusisita ndi kumudyetsa. Galu amaona kuti kamunthu aka kakapezeka zabwino zimatha, kakachoka zimabwerera. Tembenuzani zimenezo. Chakudya chake, mawu okoma ndi tizidutswa tija zizibwera mwana ali maso m'manja mwa mmodzi wa inu, ndipo mwana akagona, galunso azipuma mosasamalidwa kwambiri. Pakapita masabata, kuoneka kwa mwana kumakhala nkhani yabwino kwa iye.

Pa zimenezi mufunika malo a galu. Yalani thumba kapena bulangete lakale pakona pamene angakuoneni koma ali kutali ndi mwana, mamita 2 kapena 3. Ponyani kachidutswa pamenepo n'kunena "Pamalo pako". Akaponda, mupatseni china. Akagona pansi, mupatseni ziwiri. Talikitsani nthawi pang'onopang'ono mpaka azitha kukhalapo mphindi 10 kapena 15. Malowo asakhale a chilango, ndipo akakhala pamenepo asamasokonezedwe ndi wina aliyense.

Ngati amauwa mwana akalira, nthawi zambiri ndi kusokonezeka. Makutu a galu amamva mawu okwera kuposa a munthu, ndipo kulira kwa khanda ndi kwachilendo kwa iye, komanso amaona inu mukudzambatuka nthawi iliyonse kukamveka. Jambulani kulirako pa foni. Muzikuyatsa motsika kwambiri, moti galu angotembenuza khutu osadzuka, kwinaku mukumupatsa tizidutswa. Kulira kukasiya, chakudyanso chisiye. Kwezani mawu pang'ono pakatha tsiku limodzi kapena awiri. Akauwa kapena akakana kudya, ndiye kuti mwafulumira, bwererani pamene munali dzulo. Mwana weniweni akalira, wina anene "Pamalo pako" n'kuponya kachakudya pamene mayi akunyamula mwana.

Kuuwa kwa usiku komanso kongouwa popanda chooneka kawirikawiri kumachokera ku mphamvu zosagwiritsidwa ntchito. Chibadwireni mwana, kodi galuyo wayendapo? Galu wamkulu wathanzi amafunika kuyenda mphindi 30 mpaka 60 pa tsiku, ndipo mumulole kununkhiza m'njira, chifukwa kununkhiza kumamutopetsa mutu. Ntchito imeneyi ndi yanu bambo, kapena wachibale amene galu amamudziwa. Mayi amene wangochira kumene, makamaka wa opaleshoni, asakokedwe ndi chingwe cha galu. Tsiku lopanda woyenda naye, mwazani chakudya chake chouma pa udzu kuti achisake yekha. Chotafuna chimathandizanso, koma mafupa ophika ayi, amasweka n'kubaya m'matumbo. Ndipo ngati galu wokalamba wayamba mwadzidzidzi kuuwa usiku, kapena akulira mukamugwira pena pake, pitani naye kwa dokotala wa ziweto. Khutu lotupa, dzino lopweteka ndi nyamakazi zimauwitsa galu, ndipo maphunziro sangazichize.

Za chikwapu ndi unyolo zija. Galu akamenyedwa mwana ali pomwepo, amalumikiza ululuwo ndi mwanayo, ndipo mwabzala chidani pamene panalibe. Galu wokhala pa unyolo tsiku lonse amauwa kwambiri kuposa kale ndipo amakhala waukali, chifukwa akaopa alibe kothawira. Musamumange pakamwa ndi chingwe kapena nsalu, pakuti galu amaziziritsa thupi popuma ndi pakamwa, ndipo kukatentha akhoza kufa. Musamumwetse mankhwala a anthu oti agone kapena oletsa ululu. Ambiri mwa iwo, monga ibuprofen, amawononga m'mimba ndi impso za galu.

Kunena zoona, galu wouwa sandidetsa nkhawa ngati galu wachete molakwika. Yang'anirani thupi lake akakhala pafupi ndi mwana. Kunyambita milomo popanda chakudya, kuyasamula asali ndi tulo, kutembenuzira mutu kumbali choyera cha m'maso chikuonekera, kulowetsa mchira pakati pa miyendo, zonsezi akutanthauza kuti sakumasuka, ndipo mumupatse mpata achoke. Akalira chapakhosi kapena kuonetsa mano, musamumenye. Limenelo ndi chenjezo, ndipo galu wolangidwa chifukwa chochenjeza amadzaluma osachenjeza. Alekanitseni modekha, kenako mufufuze chimene chinamupanikiza. Koma mukaona wauma thupi, maso ali tong'o pa mwana, akunyang'ama mwakachetechete, kapena akunjenjemera ndi kulumphira mwana akamalira, musayesenso kuphunzitsa nokha. Akhale olekanitsidwa ndi chitseko nthawi zonse, muitane dokotala wa ziweto kapena katswiri wa khalidwe la agalu. Galu wotere, kapena amene analumapo munthu, kumupezera pakhomo pena popanda ana si nkhanza, bola muwauze omulandirawo zoona zake zonse. Kuuwa kokha, komwe mwandifotokozera, si chifukwa chokwanira chomuchotsera.

Kumbali ya mwana, mtima ukhale m'malo. Mwana amayamba kumva mawu akunja akadali m'mimba, choncho kuuwa kwa galu wanu si kwachilendo kwenikweni kwa iye. Kudzidzimuka kotambasula manja kuja ndi kwachibadwa, ndipo kumatha pofika miyezi 4 mpaka 6. Khanda limagona maola 14 mpaka 17 pa tsiku, koma tulo take tambiri ndi topepuka, ndiye likatakataka galu atauwa, dikirani mphindi imodzi kapena ziwiri musanalinyamule, kawirikawiri limagonanso lokha. Muligoneke chagada m'chipinda chotalikirana ndi kumene galu amauwira. Kaphokoso kosalekeza kotsika, monga ka fani, kamaphimba kuuwa kwa kunja, koma kakhale mamita 2 kuchokera pamene mwana wagona, mphepo isamuwombe, ndipo kasakwere moti inu muzikweza mawu polankhula. Chimene muyenera kupewa ndi galu kuuwira pafupi ndi khutu la mwana. Ndipo ngati mwana sadzidzimuka n'komwe pa phokoso lalikulu, katchuleni kusikelo kuti amuyeze makutu.

Onetsetsani kuti katemera wa chiwewe wa galuyo sanathe nthawi. Woyamba amabayidwa ali ndi miyezi 3, ndipo obwereza amatsata monga a zaziweto akuuzirani. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati mwa anthu 100 ofa ndi chiwewe, pafupifupi 40 ndi ana osafika zaka 15. Galuyo azilandira mankhwala a njoka za m'mimba miyezi 3 iliyonse, nkhupakupa muzimuchotsa, ndowe zake muziwola tsiku ndi tsiku, ndipo muzisamba m'manja ndi sopo mukamugwira musananyamule mwana. Asanyambite nkhope kapena manja a khanda. Matewera ogwiritsidwa ntchito muzitaya motsekeka, chifukwa agalu amawadya ndipo amatseka matumbo. Dzino kapena chikhadabo chikang'amba khungu la mwana, ngakhale pang'ono, tsukani balalo ndi sopo pa madzi oyenda kwa mphindi 15, n'kupita kuchipatala tsiku lomwelo.

Mukachita izi tsiku ndi tsiku, nonse mofanana, kusintha kumayamba kuoneka m'masabata ochepa, ngakhale galu amene wauwa zaka zambiri amatenga nthawi yotalikirapo. Musadzatayirire kuuwa kukachepa. Pakati pa miyezi 6 ndi 10 mwana ayamba kukwawa, ndipo tsopano ndi iye amene azilondola galu, kukoka mchira ndi kupisa dzanja m'mbale yake. Nthawiyo isanakwane, sunthani mbale ndi malo ogona a galu zipite kumene mwana sangafike, ndipo galu azidya yekha, chitseko chili chotseka.