Kachipangizo kaja kanandisandutsa wabodza pamaso pa anthu

Achemwali, musasaine kaye pepala lovomera kuti amate kachipangizo pa inhela ya mwana wanuyo. Ndangowerenga funso lanu lofunsa ngati muvomere kachipangizo kowerengera mmene mwana wa mphumu akupopera mankhwala, thupi lonse lachita tsembwe.

Wanga anamuikira ali ndi zaka 9, kamodzi pa inhela yabulauni yoteteza, ya m'mawa ndi madzulo, kena pa yabuluu ya salbutamol yotsegula chifuwa mphumu ikamugwira. Anatifotokozera kuti akangodina, kamalemba tsiku ndi nthawi, n'kutumiza pafoni kudzera pa Bluetooth, foniyo n'kupereka kuchipatala. Ndinalandira ndi manja awiri. Chimene palibe anatchula n'choti kachipangizoko kamangodziwa inhela imene kamatidwapo basi. Mwanayu masiku ena amagona kwa bambo ake, ndipo kumeneko kunali yabulauni ina, yopanda kanthu pamutu. Mankhwala onse amene ankapopera kumeneko, kwa achipatala kunalibe.

Usiku umene mphumu inamugwira sindidzauiwala. Ndinadzidzimuka ndi kamluzu kochokera kuchipinda kwake. Ndinamupeza atakhala tsonga pabedi, atawerama, manja atatsamira pamawondo, mapewa akukwera n'kutsika. Khungu la pakhosi apa, pamwamba pa fupa, limalowa mkati akamakoka mpweya, nthiti zikuchita kuwerengeka. Amafuna kunena kuti "amama" koma mawu amathera panjira. Ndinatenga yabuluu ndi spacer, chubu chimene amalumikiza ku inhela kuti mwana azikokeramo mankhwala, kupopera kamodzi, iye n'kupuma, kupoperanso, manja akunjenjemera moti spacer inkagunda mano ake. Pepala lathu la malangizo limati mpaka ka 10, ndinafika pamenepo milomo ikuyamba kutuwa. Kenako kamluzu kaja kanazilala, ndipo amene mukudziwa mphumu mukudziwa kuti chifuwa chikati zii pamenepo si kuchira ayi, ndiye kuti mpweya wasiya kudutsa. Titafika kuchipatala, kopanira chala koyezera okosijeni m'magazi kanaonetsa 88, kutanthauza kuti watsika. Anamuveka masiki ya okosijeni, nebulizer, makina osandutsa mankhwala nkhungu, ikufuka, ine nditagwira phazi lake lozizira poti kwina konse kunali manja a anamwino.

Kutacha, ndisanatseke n'komwe diso, kunabwera dokotala wina wachinyamata. Moni sanapereke. Anangotembenuza kompyuta n'kundilozera mabokosi ofiira osonyeza nthawi zimene kachipangizo sikanalembe kuti wapopera. "Mayi, mankhwala oteteza akulandira osakwana theka. Mumayembekezera chiyani?" Pamaso pa amayi ena m'wodi, mwana wanga akumva ndi masiki kukamwa! Ndinati pali inhela ina kwa bambo ake. Anamwetulira n'kunena kuti makolo onse amatero. Analemba mufailo kuti sititsatira mankhwala, ndipo mawu amenewo anatitsata paliponse. Aliyense wotsegula failoyo ankayamba wandiyang'ana ine asanamvere chifuwa cha mwana. Mpaka lero ndikamukumbukira munthu ameneyu ndimapsa mtima. Ndine amene ndimatsuka spacer, amene ndimamuchukuchitsa mkamwa akatha kupopera kuti asachite zoyera palilime, ndiye wina amene wamuona mphindi zochepa andiweruze ndi mabokosi? Akanangofunsa kuti inhela zilipo zingati pakhomo, nkhani ikanatha.

Namwino wina wachikulire ndi amene anandiuza kumene kusakhulupirira kumeneku kunachokera. Kafukufuku wina ku America m'zaka za m'ma 1990 anaika zowerengera pa mainhela, n'kupeza kuti ena ankapopera m'mwamba koposa ka 100 m'maola ochepa tsiku lokaonana ndi dokotala litayandikira, kuti chitini chipepuke. Chabwino, alipo otero. Koma nawonso makinawa ali ndi malire. Ambiri amangomva kuti chitini chadinidwa, sadziwa ngati mankhwala afika m'mapapo kapena athera palilime. Kali kena kotchedwa INCA, kopangidwa ku Dublin, kamene kamajambula phokoso la mmene munthu akukokera mpweya, ndiye kamatha kuona amene akupopera molakwika. Kathu sikanali kotero.

Komabe achemwali, akakupatsani tengani. Ndikunena zoona. Kachipangizo ka pa yabuluu kaja ndi kamene kanaulula kuti mwanayu ankadzuka m'bandakucha n'kumapopera yekha mwakachetechete, poopa kuti ndimuletsa mpira. Izi zinayamba kalekale usiku uja usanafike, ndipo zinali pakompyuta yomweyo imene anandinyozera nayo, palibe anaimba foni kutichenjeza. Chitini chimodzi cha salbutamol chimapopera ka 200, ndipo munthu akamamaliza zitatu kapena kuposa pachaka ndiye kuti mphumu yake sikugonja, ngozi ili pafupi. N'chifukwa chake kuyambira 2019 bungwe la GINA, limene limapereka malangizo a chithandizo cha mphumu padziko lonse, linasiya kulimbikitsa kuti achinyamata ndi akuluakulu azidalira yabuluu yokha.

Musanasaine, afunseni kuti amene aziona zimenezi ndani, aziona liti, ndipo akaona yabuluu ikuchuluka usiku achita chiyani. Akangoti tidzaona tsiku la sikelo yake, ndiye kuti n'kongokugwirani mawu. Inhela iliyonse imene mwana amagwiritsa ntchito, ya kusukulu, ya kwa agogo, iikidwe kake, apo ayi ilembedwe mufailo kuti ilipo. Muzitsegula app kuti muone ngati zafika, chifukwa batire limatha osakuuzani, ndipo mukasintha chitini muonetsetse kuti kachipangizo kakhala bwino. Mwanayo muuzeni poyera kuti kalipo ndi ntchito yake, musamuzembere. Kope lanu lolembamo nthawi imene mwana wapopera musataye, muzilembabe pamanja, tsiku lina lidzakuyankhulirani. Ndipo ulendo uliwonse muziwakakamiza amuone akupopera pamaso pawo, ndi spacer yake yomwe, asamangoyang'ana kompyuta.