Asuweni, za chuku chija ndamva

Eee asuweni, ndamva funso lanu loti kodi n'zoona kuti chuku china chilibe poizoni. Koma inu ndimakudziwani, nkhani ndi thumba la mtedza lija lili kuseri kwa chitseko kwa amayi aang'ono ku Kawale, mukufuna musinje nsinjiro eti? Hahaha. Dikirani kaye.

Mukuwakumbuka amalume a ku Mitundu chaka chija cha njinga? Iwo aja akafuna kuswa mtedza ankayamba auwaza madzi madzulo, ati makoko afewe zala zisapweteke, nde akaswa n'kuuthira m'thumba uli wonyowa chomwecho, kumanga ndi luzi, kuponya pakona. Azakhali kuwaletsa, iwo ayi, "mtedza ndinayamba kulima musanamere mano." Tsiku lomasula thumba... mayo ine, fumbi lobiriwira, ayi, lopita kuchikasu, kununkha nyumba yonse. Anayamba kuupukuta ndi chitenje cha azakhali, chatsopanotu, kenako usiku wonse pamphasa ndi nyali akusankha. Mavenda anangoununkhiza n'kuchokapo. Mpaka lero ukawatchulira amasintha nkhani.

Nde funso lanulo, eya n'zoona. Chukuchi dzina lake Aspergillus flavus, poizoni wake aflatoxin. Kuti chimupange chimadalira majini (si mizimu ayi, ndi malangizo achibadwa a m'thupi la chamoyo) oposa 20 amene anandandalikana malo amodzi mu DNA yake, momwe mumasungidwa malangizowo, ndipo jini imodzi, aflR, ndi imene imadzutsa anzakewo. Mitundu ina ya chukuchi majiniwo ndi oduka, ina alibiretu, nde sipanga poizoni. Aflasafe ija ya a IITA, bungwe lofufuza za ulimi, anaiyesanso ndi a ku Chitedze, ndi chuku chotero, chimabwera pa mapira a buluu omwaza m'munda mbewu zisanachite maluwa, kuti chilande malo a choipacho.

Koma asuweni, ndi maso simungasiyanitse, zonse zimaoneka chimodzimodzi mpaka akayeze ku labu. Kukazinga sikuchotsa poizoni yenseyo, kuphikanso ayi. Amakawononga chiwindi, khansa imayambira pomwepo, ndipo ku Kenya mu 2004 anthu 125 anamwalira ndi chimanga chachuku.

Nde mtedza wachuku, wonyala, wobooka, tayani, nkhukunso musazipatse. Maso sangakuuzeni kuti ichi chili ndi majini aja ichi chilibe, mwamva? Ndikunenanso, poyang'ana simungadziwe, makamaka poti phalalo ndi la mwana. Thumbalo musalikhudze, Loweruka ndikwera minibasi ndibwere tidzasankhe limodzi, mundisungire tiyi.